Injiniya wodziwa simenti koma wosadziwa mwini mbumba

Chaka chilichonse mayina a ana osankhidwira ku mayunivesite a boma akangotuluka, mkangano wakale uja umadzukanso. Umamveka m'mapologalamu oimba foni pa wailesi, m'minibasi za pakati pa Limbe ndi Blantyre, ngakhale pa siwa anthu akatopa ndi nyimbo. Ena amati dziko losauka ngati lathu lisamataye ndalama pa maphunziro a mbiri, zilankhulo ndi chikhalidwe pamene tikusowa mainjiniya, madokotala ndi akatswiri a makompyuta. Ena amayankha kuti mtundu wosadziwa kumene unachokera ndi wosochera. Amakangana mpaka mawu kusasa, kenaka aliyense n'kubwerera kwawo ndi maganizo omwe anabwera nawo. Ine mkanganowu wanditopetsa, chifukwa umakakamiza mwana kusankha chimodzi n'kutaya chinzake. Maganizo anga ndi awa: mayunivesite athu, makamaka awiri a boma omwe ali muno mu Blantyre, MUBAS (ya zamalonda ndi uinjiniya) ndi KUHeS (ya zaumoyo), akhazikitse phunziro lapambali, lija ophunzira amalitchula kuti minor, lokhudza dera lino ndi anthu ake. Wophunzira uinjiniya, zamalonda, unamwino kapena zoyeza malo azitha kulitenga pamwamba pa digiri yake, ndipo lizilembedwa pa mapepala ake akamaliza.

Ndifotokoze kaye chimene ndikunena, poti ena akamva mawu oti minor amaganiza zamasewera. Aphunzitsi ambiri a sekondale akulidziwa dongosololi: munthu amakhala ndi phunziro lake lalikulu, major, ndi lina laling'ono lomwe amalidziwa mokwanira kuligwiritsa ntchito. M'mayunivesite a ku America, komwe dongosololi linazika mizu, minor kawirikawiri imakhala makosi 5 kapena 6 omwazidwa m'zaka zonse za digiri. Imene ndikupempha ine ikhale yotere. Pakhale chilankhulo chimodzi chophunziridwa mpaka munthu kutha kugwirira nacho ntchito, kaya Chipwitikizi, Chiyao, Chilomwe, Chisena, kapena Chichewa cha m'chipatala ndi cha m'khoti. Pakhale mbiri ya dera lochokera ku Zambezi kudzera m'chigwa cha Shire mpaka ku nyanja, osaimira pa malire amene azungu anajambula. Pakhale kosi ya malo, ukwati ndi ufumu, yoyika malamulo a boma pambali pa mwambo. Pakhale ya zipembedzo ndi matenda, ndi ina ya malonda a m'malire. Pomaliza wophunzira apite kukakhala pakati pa anthu, kaya ku Bangwe kaya ku Muloza, akalembe zimene wapeza. Chofunika n'chakuti nkhani imodzi iziunikidwa ndi akatswiri angapo nthawi imodzi, wa mbiri, wa malamulo, wa chuma ndi wa chilankhulo, chifukwa mavuto a m'mudzi sabwera atagawidwa kale m'madipatimenti.

Chimene chinandikankhira ku maganizo amenewa ndi mwana wa mchemwali wanga, injiniya amene anakhoza bwino kwambiri kusukulu. Kampani ina inamutuma ku dera lina la ku Chiradzulu kukayendetsa ntchito yodutsitsa mapaipi a madzi m'minda ya anthu. Iye anachita zimene anaphunzitsidwa: anayeza, anajambula, anakumana ndi abambo a m'makomo momwe mapaipi adzadutse, anagwirizana nawo za chipukutamisozi, ndipo abambowo anasayina. Tsiku loyamba kukumba, amayi anakhala pansi mu mzere wa ngalandeyo osasuntha. Anandiimbira usiku atakwiya. "Malume, anthu awa ngovuta, asayina okha dzulodzuloli." Ndinamufunsa kuti amene anasayinawo ndi eni mudzi kapena akamwini. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati sanafunse. Mindayo inali ya akazi ndi mbumba zawo, ndipo woyenera kuyamba kulankhula naye anali mwini mbumba, mlongo wawo wa amayiwo, amene ankakhala mudzi wina komwe anakwatira. Ntchito inaima masabata angapo, makina obwereka akudya ndalama ali chiimire. Chimene chimandiseketsa mpaka lero n'chakuti mnyamatayu anandiimbira ine, malume ake, pa vuto lake, monga mwambo womwewo umanenera, koma sanaganize kuti anthu a kumeneko nawonso ali ndi amalume awo. Chikamwini ankachidziwa ngati nkhani ya pa chinkhoswe. Palibe amene anamuuzapo kuti chimakhudzanso ntchito ya injiniya.

Tsopano tione zimene otsutsa amanena, kuyambira pa mfundo imene imamveka kwambiri, yoti maphunziro otere sapezetsa ntchito. Makolo amene amanena izi sindingawanyoze. Agulitsa mbuzi, abwereka ku banki m'khonde, mwana watenga ngongole ya boma yoti adzabweze, ndipo akuona okha anyamata a madigiri akugulitsa mayunitsi pa Ginnery Corner. Kwa iwo ola lililonse la m'kalasi liyenera kubala malipiro. Koma mfundoyi ikanakhala ndi mphamvu ndikanati mwana asiye akauntingi akaphunzire mbiri yokhayokha. Ine ndikuti atenge akauntingi yake yonse, awonjezere china chimene anzake 200 a digiri yomweyo alibe. Taonani pamene Blantyre wakhala. Mukanyamuka m'mawa kulowera ku Mwanza mumafika pa Zobue dzuwa lisanakwere pamutu, mukalowera ku Mulanje mumatulukira pa Muloza n'kulowa Milange. Njanji yochoka ku Limbe imadzera ku Nkaya ndi Nayuchi mpaka ku doko la Nacala. Mafuta ndi feteleza wambiri amalowa kudzera ku Beira ndi Nacala, ndipo zipolowe zitabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha mu 2024, tinazimva tokha pa mizere ya pa filingi siteshoni. Nthambo zolumikiza magetsi athu ndi a Mozambique ndi zochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete, kufika ku Phombeya. Komabe ndi angati mwa omaliza maphunziro athu amene angawerenge kalata ya kasitomu ya m'Chipwitikizi, kapena kufotokoza chifukwa chimene ndale za ku Zambezia zimasiyanirana ndi za ku Maputo? Madalaivala a mathiraki ndi amayi a geni opita ku Tete anaphunzira okha Chipwitikizi cha m'njira chifukwa mimba inawakakamiza. Bwana wawo wa digiri amadikira womasulira. Ngati kampani yotumiza katundu ili ndi makalata ofunsira ntchito odzaza katoni, wodziwa chilankhulo ndi malamulo a tsidya linalo ndiye adzaitanidwe.

Mbali ya zaumoyo ndiye nkhaniyi imafika pa moyo ndi imfa. Tikukumbuka mu 2017 mphekesera za anamapopa zitayamba ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka muno mu Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa, magalimoto anaphwanyidwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Ambiri a ife ophunzira tinangoti ndi umbuli, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mphekeserazi sizinali zachilendo. Zinavutanso cha m'ma 2002, ndipo nkhani za anthu obwera usiku kudzapopa magazi zakhala zikumveka m'maiko a kuno kuyambira nthawi ya atsamunda. Zimakonda kudzuka nthawi ya njala ndi ya mantha, anthu akamaona alendo a magalimoto oyera akubwera kudzalemba mayina ndi kutenga magazi popanda kufotokoza bwino kumene magaziwo akupita. Wophunzira wa KUHeS amene mawa adzatumidwe kukachita kafukufuku kumudzi ayenera kuidziwa mbiriyi asanatulutse jakisoni m'chikwama. Chimodzimodzi namwino wa ku wodi ya ana. Mayi akabwera mochedwa ndi mwana wotupa miyendo ndi nkhope, buku limati ndi kunyentchera chifukwa chosowa zakudya, pamene kunyumba agogo anena kale kuti ndi tsempho, ndipo bambo wa mwanayo akuimbidwa mlandu woyenda njira zina. Namwino amene sakudziwa zimenezi amangokalipa kuti munali kuti masiku onsewa. Amene akudziwa amafunsa funso lina, amamva chimene banjalo likuopa, ndipo mayiyo amakhala m'chipatala mpaka mwana atachira m'malo mothawa naye usiku. Kudziwa tsempho sikutanthauza kulikhulupirira. Mankhwala amakhala omwewo, chimasintha ndi chakuti wodwala amatsala kuti awamwe.

Ndiwonjezere chitsanzo chimodzi chimene tonse a mu mzinda uno tili nacho pamtima. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Injiniya akhoza kukuuzani kutsetsereka kwa phirilo, mtundu wa dothi ndi kuchuluka kwa mvula imene inagwa, ndipo nzeru zimenezo n'zofunika zedi. Koma funso loti anthu anafika bwanji m'phirimo, ndipo n'chifukwa chiyani ena anabwereranso, masamu okha sangaliyankhe. Muli mbiri ya mzinda umene atsamunda anaukonza kuti malo abwino akhale a azungu ndi amwenye, antchito akuda n'kumadzipezera pokhala m'mbali. Muli nkhani ya mafumu a m'tauni amene amagawa mapuloti pomwe khonsolo imati malowo ndi ake. Muli lendi, muli mtunda wopita ku ganyu, muli manda a ana amene munthu safuna kuwasiya. Aliyense amene anayesapo kusamutsa anthu akudziwa kuti kuwapatsa malo ena n'kosavuta kusiyana ndi kuwachititsa kuti akhazikike kumeneko. Wokonza mapulani a mzinda amene anaphunzira mbali zonsezi pamodzi sadzadabwa zikamachitika.

Otsutsa achiwiri amati chikhalidwe sitiphunzira ku yunivesite, timayamwira. Amati ndi manyazi kuti Mmalawi alipire fizi kuti amuphunzitse za kwawo. Mfundoyi imakoma kumva, ndipo ili ndi choonadi chake: palibe pulofesa angaphunzitse mwana kugwada polankhula ndi apongozi kuposa mmene amayi ake angachitire. Koma pali zinthu ziwiri zimene amaziiwala. Choyamba, mwana amene amafika ku yunivesite nthawi zambiri ndi uja amene tinamuchotsa pakhomo ali wamng'ono, tinamuika ku sukulu yogonera komweko, kumene ankapatsidwa chibalo akapezeka akulankhula vernacular, ndipo tinkanyadira akamayankha agogo ake m'Chingerezi. Tisadabwe kuti wayamwa pang'ono. Chachiwiri, ngakhale woyamwa bwino amangodziwa za pakhomo pake. Mnyamata wa ku Rumphi wodziwa malowolo ndi mwambo wonse wa kwawo akatumizidwa ku Phalombe ndi mlendo, monganso mtsikana wa ku Phalombe akatumizidwa ku Nsanje. Ndiponso kuyamwa sikupatsa munthu mbiri. Anthu masauzande amakwera basi pa Wenela tsiku lililonse, koma funsani ophunzira kuti dzinali linachokera kuti. Ochepa ndi amene angakuuzeni kuti ndi chidule cha bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, kapena kuti mu 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kwawo kuchokera ku migodiko inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa kulembako. Amene akuidziwa nkhaniyi akaona achinyamata a ku Mangochi akukhamukira ku Johannesburg lero amazindikira kuti njirayi inatsegulidwa ndi agogo awo, ndipo malangizo ake pa nkhani ya ntchito za kunja amakhala ndi mutu.

Mfundo yachitatu imachokera kwa aphunzitsi a mayunivesite enieniwo, ndipo ndiyolemera. Amati thaimutebulo ya wophunzira uinjiniya kapena udokotala yadzaza kale mpaka pakamwa, mabungwe oyang'anira ntchitozi ali ndi zofuna zawo zimene sizingachotsedwe, ndipo mapanga awiri avumbwitsa: mwana adzatuluka wosadziwa bwino uinjiniya, wosadziwanso bwino mbiri. Apa ndivomere mbali ina. Sindikufuna dokotala wodziwa nthano za Mbona wa ku Khulubvi koma wolephera kupeza mtsempha, ndipo n'kutheka kuti kwa ophunzira udokotala phunziroli liyenera kuchepetsedwa kapena kuikidwa nthawi ya tchuthi. N'chifukwa chake ndikuti likhale losankha, osati lokakamiza. Kosi yokakamiza imasanduka ya kuloweza usiku umodzi mayeso asanafike, ndipo aliyense amene anakhalapo m'holo ya anthu 400 akudziwa zimene ndikunena. Koma kunena kuti malo palibiretu n'kukokomeza. Kosi imodzi pa semesita, kuyambira chaka chachiwiri, imakwanitsa makosi 6 digiri ya zaka 4 isanathe. Ophunzira omwewo amapeza nthawi ya makwaya, ya mpira, ya ndale za pa kampasi ndi ya mabizinesi a pa WhatsApp, ndipo sindikuwadzudzula. Amene mutu wake wadzaza asatenge. Amene angathe, bwanji timutsekere chitseko chifukwa choti mnzake sangathe?

Tifike tsono pa ndalama, pomwe ndikuona kuti otsutsa ali ndi mphamvu kuposa pena paliponse. Mayunivesite athu amalira chaka ndi chaka kuti ndalama za boma sizikwana, mahositelo ndi ochepa, aphunzitsi ndi operewera. Ndani adzalipira mphunzitsi wa Chipwitikizi pamene labu ilibe zipangizo? Vutoli linakula mu 2021 pamene University of Malawi inagawidwa: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo akatswiri ambiri a mbiri ndi zilankhulo za kuno anatsala ku Zomba. Kugawako kunali ndi zifukwa zake, koma kunatalikitsanso anthu amene amafunika kukhala pa tebulo limodzi. Yankho langa n'lakuti minor sifuna kumanga fakote yatsopano, ndipo ubwino wake wagona pomwepo. Zambiri zofunika zilipo kale, zangomwazikana. Ku Zomba, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono, kuli dipatimenti ya mbiri, kuli Centre for Language Studies imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, kulinso National Archives, kosungira zolembedwa zakale za dziko. Ku Thyolo, yunivesite ya MUST ili ndi sukulu ya zachikhalidwe, Bingu School of Culture and Heritage. Muno mu Blantyre, nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri ili pafupi kwambiri ndi makalasi a MUBAS, woyenda pansi amafika asanatuluke thukuta, ndipo ku Mandala House, nyumba ya mu 1882, kuli laibulale ya Society of Malawi yodzaza mabuku ndi zithunzi zakale za dera lino. Chosowa ndi mgwirizano woti kosi yophunzitsidwa ndi yunivesite ina iziwerengedwa ndi inzake, ndi kuti mphunzitsi wa ku Zomba azibwera Lachisanu kapena kuphunzitsa pa intaneti. Zimenezi zimafuna ndalama ndithu, koma zimafuna kwambiri kuti akuluakulu a masukuluwa asiye kulondera malire awo ngati minda ya dimba, ndipo bungwe loyang'anira mayunivesite la National Council for Higher Education lingathe kuwathandiza kukonza njira.

Palinso mantha a tsankho la mitundu, ndipo amene amawanena si amantha chabe. M'dziko limene mavoti amatsata zigawo, ndipo miyambo ya pachaka ya mitundu imadzaza andale, phunziro la chikhalidwe likhoza kusanduka bwalo lotamandira mtundu wa amene akulamula. Tinaziona kale. Mu 1968 Chichewa chitakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo bala limenelo silinapole kwa ena mpaka lero. Ine ndikulemba m'Chichewa, ndiye ndiyenera kukhala woyamba kuvomereza zimenezo. Koma ndikuona kuti mbiri yophunzitsidwa moona mtima ndiyo mdani wamkulu wa tsankho, chifukwa imasonyeza kuti palibe amene ali yekha mwini dera lino. Amang'anja analipo m'mapiri muno, Ayao anafika kuchokera kum'mawa zaka za m'ma 1860, ndipo amishoni a ku Scotland atafika mu 1876 anapeza mfumu Kapeni. Mafumu ena a ku Chikwawa, monga Kasisi ndi Katunga, mizu yawo ndi ya Amakololo amene anabwera ndi Livingstone. Alomwe ambiri analowa kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900, pothawa nkhanza za Apwitikizi, n'kugwira ntchito m'maesiteti a Thyolo ndi Mulanje, ndipo lero ndi mtundu wachiwiri kukula m'dziko muno. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, isanathe mu 1992, tinasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Achewa nawo amapita kukalambira Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Mwana amene waphunzira zonsezi wandale akamamuuza kuti awa ndi obwera, amafunsa kuti wosabwera ndi ndani. Kuti chitetezo chikhalepo, ndingaike lamulo limodzi: chilankhulo chimene wophunzira asankha chisakhale cha kwawo. Mlomwe aphunzire Chiyao kapena Chisena, Mtumbuka aphunzire Chilomwe. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Otsutsa ena ndi anzanga owerenga kwambiri, amene amati maphunziro a madera ndi katundu wa atsamunda. Akunena zoona pa chiyambi chake. Sukulu ya ku London imene lero imatchedwa SOAS inakhazikitsidwa mu 1916, ndipo ina mwa ntchito zake inali kukonzekeretsa anthu okalamulira maiko a eni. Ku America maphunzirowa anakula pambuyo pa lamulo la mu 1958 limene linathira ndalama pa zilankhulo ndi madera a kunja, nthawi ya mpikisano ndi Soviet Union, chifukwa boma linkafuna anthu odziwa kumene likukachita zofuna zake. Ngakhale kwathu kuno, dikishonale yaikulu ya Chimang'anja ya mu 1892 inalembedwa ndi David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre, yemwe anamanganso tchalitchi cha St Michael and All Angels, ndipo galamala ya Chichewa ya mu 1937 inalembedwa ku Chicago ndi Mark Hanna Watkins, womuuza mawu ake ali wophunzira wina dzina lake Kamuzu Banda. Koma ine pa mbiri imeneyi ndikutolapo phunziro losiyana ndi la anzangawo. Amene ankafuna kutilamulira anaona kuti sangathe popanda kuphunzira zilankhulo ndi miyambo yathu, ndipo anaika ndalama pamenepo. Ife amene tikufuna kudzilamulira tokha tikuti zimenezo n'zotaya nthawi. Zotsatira zake tikuziona: bungwe likafuna kudziwa chifukwa chimene mijigo yake ikufera kapena atsikana akusiyira sukulu, limaitana katswiri wochokera kunja pa mtengo wa madola, ndipo mwana wathu wa digiri amalembedwa ganyu yomasulira ndi kunyamula chikwama. Lipoti likatuluka dzina lake silionekapo, kapena limakhala m'mawu othokoza kumapeto.

Pali ngozi imodzi imene otsutsa saitchula kawirikawiri, koma ine ndimaiopa kuposa zonse, ndiyo yoti phunziroli likhazikitsidwe mwaulesi. N'zosavuta kusonkhanitsa makosi akale amene analibe ophunzira, kuwapatsa dzina latsopano lokongola, n'kumaphunzitsa ana mndandanda wa magule ndi chaka chimene UNESCO inazindikira Gule Wamkulu kapena Tchopa. Zoterozo ndi zokongoletsera alendo pa bwalo la ndege, ndipo zikakhala choncho makolo aja adzakhala atalondola kuti ndalama zawo zapita m'madzi. Minor imene ndikunena iyesedwe ndi ntchito. Wa zamalonda athe kukambirana mtengo ndi kuwerenga mgwirizano m'Chipwitikizi. Wa unamwino athe kufotokozera gogo wa Chiyao za matenda a shuga popanda kuitana wapachibale wa zaka 12 kuti amasulire zinthu zimene mwana sayenera kumva. Woyeza malo athe kufotokoza pamene lamulo la malo a makolo la mu 2016 likugwirizana ndi chikamwini ndi pamene likuwombana nacho, ndipo adziwe woyamba kumuona akafika m'mudzi. Pakati pa ophunzitsa pakhale anthu amene alibe madigiri koma ali ndi nkhani m'manja: anyakwawa, azamba akale, oyendetsa mathiraki a ku Beira, akuluakulu a m'mizikiti ndi m'mipingo, ndipo alipidwe ngati aphunzitsi, osati kungopatsidwa botolo la fanta.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, amatchula kusintha kaganizidwe ngati chimodzi mwa zofunika kuti dziko litukuke. Mawuwa timakonda kuwalozetsa kumudzi, ngati kuti oyenera kusintha ndi amayi aja anakhala mu ngalande ku Chiradzulu. Koma amayiwo ankateteza munda umene unali wawo mwa mwambo umene aliyense m'deralo amaudziwa, ndipo wosadziwa anali uja wa chipewa cholimba ndi mapu m'manja. Mwana wa mchemwali wanga uja pano akafika pa malo atsopano amayamba wafunsa kuti minda kuno imayenda bwanji, kuchikazi kapena kuchimuna, ndipo wayamba kuphunzira Chipwitikizi pa foni chifukwa kampani yake ikufuna ntchito ku Tete. Akuphunzira madzulo atatopa, ali ndi ana awiri, zinthu zimene akanaziphunzira ali ndi zaka 20, nyumba ya zakale ya ku Chichiri ili pafupi ndi kalasi yake ndipo iye osalowamo ngakhale kamodzi m'zaka zonse zimene anakhala pa sukulupo.